Mwana Akafuna Kukhala Mtolankhani

Mwezi wathawu kunyumba kwanga kudafika bambo wina pamodzi ndi mwana wake wamkazi amene ndidamphunzitsa mu Sitandade 6. Mtsikanayo wakhoza bwino mayeso a Fomu 4, ndipo mtima wake uli pa utolankhani. Bamboyo adangofunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi ndigulitse ng'ombe?" Funso lotere lili m'mitima ya makolo ambiri, tsono tiyeni tiliganizire pamodzi.

Poyamba tiŵerengere mtengo wake. Digiri ya utolankhani pa sukulu ya ukachenjede ya MUBAS ku Blantyre, imene kufikira 2021 inkatchedwa Polytechnic, imatenga zaka 4. Fizi ndi mbali imodzi chabe. Mwana afunika chipinda chogona, chakudya, ndalama ya basi pa tchuthi chilichonse, kompyuta ya m'manja, foni yojambula bwino ndi ndalama ya intaneti. Palinso miyezi yokazoloŵera ntchito ku wailesi kapena ku nyuzipepala, pamene kaŵirikaŵiri wophunzira amadzidyetsa yekha. Chitsikire mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonsezi zidakwera mtengo. Ngongole ya boma ya ophunzira imathandiza, komatu ndi ngongole. Tsiku lobweza lidzafika.

Nchifukwa chake sukulu ya m'chigawo chathu tisamaiyese yachabe. Malawi Institute of Journalism, yopereka satifiketi ndi dipuloma, ili ndi nthambi ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, kuwonjezera pa likulu lake ku Blantyre. Mwana wa ku Dowa wophunzira ku Lilongwe angathe kukhala kwa azakhali ake, ufa ndi nyemba n'kumachokera kumudzi. Dipuloma si digiri ai, koma alipo ambiri amene adayambira pamenepo nadzakwera pambuyo pake ali kale pa ntchito.

Nanga phindu lake? Ife akuluakulu tidakula ndi wailesi imodzi, ya MBC. Nyuzipepala ya The Nation idayamba mu 1993, wailesi ya Zodiak mu 2005, ndipo lero mawailesi a m'madera ali m'maboma ambiri. Makomo achuluka, koma ogogoda achulukanso. Ambiri amayamba ndi malipiro ochepa, ena amalandira malinga ndi nkhani imene yasindikizidwa, ena amagwira miyezi osalandira kanthu. Amene amapezako bwino nthaŵi zambiri ndi aja atuluka m'chipinda cha nkhani kukakhala aneneri a makampani ndi mabungwe.

Apa ndi pamene pagona chiyeso. Mtolankhani wa njala akapita ku msonkhano, wina amamuikira kaenvulopu m'thumba kuti nkhani ilembedwe mokomera mwini ndalama, kapena isalembedwe konse. Mwana amene atuluka m'sukulu atasenza ngongole, kumudzi akumuyembekeza kuti abweze ng'ombe ija, adzavutika kukana. Motero kholo limene lichepetsa katundu wa mwana lero likutchinjiriza dzina lake la maŵa.

Achinyamata inu, walira mvula walira matope. Ntchitoyi ndi yolemekezeka, pakuti dziko lifunika anthu onena zoona, koma musailoŵe pofuna chuma cha msanga.

Bambo uja ndidamuuza kuti ng'ombe ayambe waisiya m'khola, alembe papepala mtengo wa zaka zonse, ndipo mtsikanayo akacheze ndi mtolankhani amene wagwira ntchitoyi zaka zingapo. Atatero, abwerenso tidzakambirane.