MADZI SAIWALA KHWAWA

Ife a kuno ku Chitedze tikapalasa njinga kunka ku Lilongwe ndi madengu a mpiru, timazizwa poona nyumba zosanja ndi madzi oturuka m'mipope. Koma ndani mwa ife anafunsapo kuti, Nanga madzi aja akatha nchito yao m'bafa ndi m'cimbudzi, amuka kuti? Tiyeni tiwalondole lero.

Mtsinje wa Lilongwe ucokera ku mapiri a Dzalanyama. Ku Malingunde anaucinga ndi madamu awiri, dzina lao Kamuzu, ndipo madzi amenewo ndiwo amamwa anthu a mumzinda. Kale Lilongwe anali kaboma kakang'ono. M'caka ca 1975 anasanduka mzinda waukuru wa dziko lathu, ndipo pa kalembera wa 2018 anthu ace anatsala pang'ono kukwana 1,000,000. Pocuruka anthu, zonyansa zicurukanso.

Pofika caka ca 2017, mwa anthu 100 ali onse a mumzindamo, ngati 5 okha anali ndi zimbudzi zolumikizika ku mipope ya pansi pa nthaka. Otsalawo anali ndi maenje ao. Zoyenda m'mipope, ndi zina zopopedwa m'maenje ndi magalimoto, amazitsira m'maiwe akuru a ku Kauma.

Taonani nzeru ya maiwewo. M'dziwe loyamba, lakuya, zolemera zimira pansi ndi kuola. M'laciwiri, ndere zipatsa mpweya tizirombo tabwino tosaoneka ndi maso, ndipo ito tidya zonyansa zotsala. M'maiwe omariza, osaya, dzuwa lipha mbeu zambiri za nthenda. Pamenepo madzi abwerera mumtsinje. Nchito yonseyi ifuna masiku ambiri, monga mowa sufulumizika. Maiwe akadzala matope, kapena akalandira zopyola muyeso, madzi aturuka msanga ali ciipire.

Tsono tsoka ligwera a kumunsi. Zonyansa ndizo manyowa. Zilemeretsa namasupuni ndi ndere, ndipo izi pakuola zitha mpweya wa m'madzi, nsomba nizifa. Mtsinje wa Lilongwe uthira mu Linthipe, Linthipe nathira m'Nyanja ku dziko la Salima. M'njira monsemo amai acapa ndi kutsuka mbale, ana asamba, ng'ombe zimwa, alimi athirira madimba. Iwo sanaone cimbudzi ca mumzinda, koma amwa za m'menemo.

Ngakhale eni mzinda sapulumuka. M'caka ca 2017 anthu a ku Area 18 anatunga m'mipope yao madzi osakanizika ndi zonyansa, cifukwa mpope wa zimbudzi unaphulika pafupi ndi wa madzi akumwa. Caka comweco World Bank anabvomera ndalama zokwana madola 100 miliyoni za kukonzera madzi a mzindawo, kuonjezera mipope ya zimbudzi ndi kukuza nchito ya ku Kauma. Ndiponso sitinaiwale kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, nacedwetsa kutsegulira sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre. Njira ya nthendayi inadziwika kale lomwe: m'caka ca 1854 dotolo John Snow wa ku London anaonetsa kuti anthu analikufa cifukwa ca citsime cimodzi cimene munalowa zonyansa.

Musanene kuti, Izi nza m'tauni. Namitete, Nsaru ndi Mpingu alikukula monga anakulira Lilongwe, ndipo mitsinje ya Namitete ndi Nambuma ithira mu Bua, mmene mumamwanso anzathu. Cifukwa cace, inu atate a banja, kumbani cimbudzi kumunsi kwa citsime, potalika mamita 30 kapena kuposa. Dzenje likadzala, likwirireni. Musalole munthu kukhuthulira za m'menemo kudambo. Inu amai, phitsani madzi akumwa kapena thiranimo klorini, ndipo ndiwo za kudimba muzitsuke ndi kuziphika bwino. Inunso mafumu, pogawa malo a msika kapena a nyumba za lendi, yambani mwafunsa kumene zonyansa zidzapita.

Akuru anati madzi saiwala khwawa. Yense wa ife akhala kumtunda kwa mnzace, nakhalanso kumunsi kwa wina. Tsalani bwino, abale.