Chifukwa Chiyani Kopi ya Zotsatira za Kafukufuku Imalephera Usiku?

Munda wa kafukufuku subwereza nyengo. Mlangizi wa ku Thekerani akawerenga mapando a nthochi ogwidwa ndi chisaka mu Febuluwale, ziwerengerozo zikatayika ndiye kuti zapita, chifukwa pofika Epulo mapando odwalawo amakhala atazulidwa kale. N'chifukwa chake tikulemba za kompyuta m'kalata ya zaulimi.

Ku ofesi ya kafukufuku, kapulogalamu kotchedwa script kamakopera mafayilo onse usiku. Kasanakopere kamajambula snapshot, chithunzi cha mmene mafayilo alili pa mphindi imeneyo, kuti fayilo yomwe wina akulembamo isakopedwe theka. Pa Windows ntchitoyi imagwiridwa ndi Volume Shadow Copy, pa Linux kawirikawiri ndi LVM.

Apa ndi pomwe ambiri timasokonezeka. Snapshot si kopi. Imangosunga tizidutswa takale ta mafayilo amene asintha chijambulireni, ndipo imakhala pa disiki yomweyo. Zili ngati kusunga mbewu m'nkhokwe imodzi ndi chimanga chakudya: anankafumbwe akalowa, zonse zafumbwa. Disiki ikafa, kapena ofesi ikalowa madzi monga zinachitikira m'madera ambiri a Thyolo ndi Mulanje nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, snapshot imapita nayo limodzi.

Vuto lomwe timakumana nalo kwambiri ndi la magetsi. Akazima script ili pakati pa ntchito, snapshot ya usiku umenewo simafufutidwa. Usiku wotsatira script imapeza dzina lomwelo lilipo kale, n'kuima. Pakadali pano snapshot yotsalayo ikunka nidzaza, ndipo pa LVM malo amene munaipatsa akatha imawonongeka, osawerengekanso. Mankhwala ake ndi kuuza script kuti iyambe yafufuta yakale isanajambule yatsopano.

Lina ndi lochititsa manyazi, ndipo linandigwera ine ndemwe: disiki yakunja inali itazulidwa, script n'kumakopera m'foda ya dzina lomwelo pa kompyuta yomweyo, m'mawa uliwonse n'kumalemba kuti zonse zayenda bwino. Musamakhulupirire uthenga umenewo. Onani deti ndi kukula kwa fayilo pa disiki yakunjayo, ndipo kamodzi pa mwezi tsekulani fayilo imodzi pa kompyuta ina muone ngati mizere yonse ilimo.

Kwa inu alangizi ndi alimi otsogolera, foni yanu ili ndi vuto lofanana. Fomu ya KoboCollect imene mwadzaza ku munda imakhala m'foni mpaka mutaitumiza. Mukafika pamalo pomwe netiweki ikugwira, tumizani tsiku lomwelo, ndipo onetsetsani kuti yachoka pa mndandanda wa zodikira kutumizidwa. Kope lanu musalisiye: lembani deti, nambala ya puloti ndi chiwerengero cha mapando odwala musanachoke m'mundamo, ndipo usiku lisagone m'chikwama chimodzi ndi foni.