Tikauza Kompyuta Kuti Domwe ndi Dera la T/A

Ntchito yanga ndi yothandiza makompyuta kulumikiza zolembedwa zomwe zinasanjidwa ndi anthu osiyana. Ambiri amaganiza kuti ndimangomasulira Chipwitikizi kupita m'Chingerezi, koma pomwe pamandituluka thukuta ndi pa kasanjidwe ka zinthuzo.

Onani kuno kwathu. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linagawa pakati dziko la Angoni a Maseko, ndipo mbali iliyonse inasanja madera mwa njira yake. Ku Mozambique, boma la Angónia lili ndi ma posto administrativo awiri, Ulongwe ndi Domwe. Ku Malawi, boma la Dedza linagawidwa m'madera a mafumu aakulu, a T/A, monga a Kachere ndi a Kachindamoto. Kaundula wofotokoza magulu a zinthu ngati amenewa ndi malamulo a ubale wake timamutcha ontology, ndipo timamulemba m'chinenero cha OWL chomwe bungwe la W3C linavomereza mu 2004.

Tiyerekeze kuti azaumoyo a mbali zonse ziwiri akufuna kuphatikiza ziwerengero za odwala kolera, poti anthu amawoloka malire pa Calómuè tsiku ndi tsiku. Wina mwachangu n'kulemba kuti posto n'chimodzimodzi ndi dera la T/A, poti zonse zili pansi pa boma. Kompyuta sikayika zomwe yauzidwa. Kaundula wa ku Malawi akuti wolamulira dera la T/A amalowa ufumu motsata mtundu. Wa ku Mozambique akuti wolamulira posto, chefe do posto, ndi wantchito wosankhidwa ndi boma, osati mfumu. Pamenepo kompyuta imapeza kuti wolamulira Domwe ndi mfumu, komanso si mfumu. Choopsa n'chakuti m'masamu a kalingaliridwe omwe OWL imatsata, kutsutsana kumodzi kokha kumachititsa kuti chiganizo chilichonse, ngakhale chabodza, chioneke ngati chatsimikizika. Makaundula awiri omwe anali abwinobwino paokha aonongeka chifukwa cha mzere umodzi.

N'chifukwa chake ine sindifulumira kulemba kuti zinthu n'zofanana. Njira ya SKOS, ya mu 2009, imatilola kungonena kuti ziwirizi n'zoyandikana, kapena kuti china n'chotakata kuposa chinzake, ndipo kompyuta sisamutsa malamulo a uku kupita uko. Kompyuta imatha kutisonyeza pomwe zatsutsana, koma kusankha mzere wochotsa kumafuna munthu wodziwa kuti wofananirako ndi mfumu ya ku Dedza ndi régulo, mfumu ya ku Mozambique, osati chefe do posto. Ziwerengero za odwalazo n'kwabwino kuzilumikiza mudzi ndi mudzi, potengera pomwe mudziwo uli pa mapu.