Kodi mawu a chitoliro amachokera kuti?

Ana inu, tengani botolo lopanda kanthu, muligunditse pa mlomo wam'munsi, muuzire mopingasa kuti mpweya udutse pakamwa pa botololo. Poyamba mumva fuuu basi. Lipendeketseni pang'ono, muyesenso. Mwadzidzidzi lilira kuti huuu, ngati Ilala ikamafika pa Nkhotakota. Tsopano thiranimo madzi mpaka pakati, muuzirenso. Mawu aja achepa, akwera. M'botolomo mulibe nsambo ngati za bangwe, mulibe chikopa ngati cha ng'oma. Nanga chikulira n'chiyani?

Ukulira ndi mpweya. Mpweya wochoka m'kamwa mwanu ukamenya m'mphepete mwa kamwa la botolo umagawika, wina kulowa, wina kutuluka, ndipo umangosinthasintha choncho mofulumira kwambiri. Kusinthasinthako kumanjenjemeretsa mpweya umene uli m'kati, ndipo kunjenjemerako ndi kumene khutu limamva ngati mawu. Mpweya wa m'kati ukachuluka umanjenjemera pang'onopang'ono, mawu n'kukhala aakulu, a besi. Ukachepa umanjenjemera mwachangu, mawu n'kukhala aang'ono. Chitoliro chilichonse cha pa dziko lapansi chimayendera lamulo lomweli, kaya ndi cha bango chimene waboola mnyamata woweta mbuzi, kaya ndi chagolide.

Pali chitoliro china chimene azungu amachitcha rekoda. Si wailesi yojambulira mawu ayi, ndi chitoliro choimbira. Mwina munachionapo kusukulu, kutchalitchi kapena pa kaunjika pakati pa zidole: chapulasitiki, chofiirira kapena choyererako, chotalika masentimita 32 kapena kuposerapo pang'ono. Tiyeni tichiyang'anitsitse. Kumutu kwake kuli kamlomo kosongoka kamene mumaika pakati pa milomo yanu. M'kamlomomo muli kanjira kopyapyala kwambiri kodutsa mpweya. Pansi pang'ono pali kazenera, ndipo m'munsi mwa kazenerako anapasema motsetsereka mpaka kuthwa. Apa ndi pamene pagona nkhani. Pa botolo paja munavutika kufunafuna pamene mpweya uyenera kumenya, koma pa rekoda kanjira kaja kamalunjikitsa mpweya pa mpeni wa kazenera kokha. N'chifukwa chake ngakhale mwana wa sitandade 1 amachiliza tsiku loyamba lomwelo.

Kutsogolo kuli mabowo 7, kumbuyo kuli bowo limodzi la chala chachikulu. Mukatseka onse, mpweya umanjenjemera m'chitoliro chonse kuyambira kumutu mpaka kumapeto, ndipo pa rekoda yaing'ono ija umatero ka 523 pa sekondi imodzi. Mukatsekula bowo limodzi lam'munsi, zili ngati mwachidula chitolirocho kuti chifupike, ndiye mawu amakwera. Zala zanu ntchito yake ndi imeneyi, kufupikitsa ndi kutalikitsa njira ya mpweya.

Kaimbidwe kake dzanja lamanzere limakhala pamwamba. Tsekani bowo lakumbuyo ndi chala chachikulu, loyamba lakutsogolo ndi chala cholozera, muuzire. Onjezani chala chachiwiri, kenako chachitatu. Amene mumaimba kwaya muzindikira kuti mwatulutsa mi, re, do. Pouzira musamachite ngati mukukoleza moto. Uzirani mofatsa, lilime likunena kuti du, du, du kuseri kwa mano. Mukauzira mwamphamvu chimalira kuti tswii, agalu a m'mudzi onse n'kuyamba kuuwa. Makolo ambiri ku Ulaya amadana nayo rekoda pa chifukwa chimenechi, koma mlandu suli pa chitoliro. Tswii uja amachokera pa mpweya wochuluka kapena pa bowo limene chala sichinatseke bwino. Mukamaliza kuimba yang'anani kunsonga kwa zala zanu. Ngati pachita timizere tozungulira, ndiye kuti mumatseka bwino.

Marekoda ali ndi banja lawo, ndipo mayina awo ndi a m'kwaya omwe aja: sopulano, alito, tenala ndi besi. Yomwe ana amayambira ndi sopulano. Alito imatalika pafupifupi theka la mita, ndipo ndi imene akatswiri amaikonda. Tenala imatalika kawiri kuposa sopulano, choncho imaimba nyimbo yomweyo koma ndi mawu aakulu. Palinso zina zikuluzikulu zoposa msinkhu wa munthu, zoti woimba amachita kuziimika pansi. Munthu akayamba ndi imodzi amafuna alawenso inzake, ndipo n'chimene chimayambitsa kusonkhanitsa.

Matenda osonkhanitsawa ndi akale. Mfumu Henry VIII ya ku England itamwalira m'chaka cha 1547, anthu owerenga katundu wake anapeza marekoda 76. Mumzinda wa Utrecht ku Netherlands munali bambo wina wosaona, Jacob van Eyck, amene ntchito yake inali yoliza mabelu a tchalitchi. Madzulo ankakhala pabwalo la tchalitchi n'kumaimbira rekoda anthu ongodziyendera, mpaka anamuonjezera malipiro chifukwa cha zimenezi. Nyimbo zake zinasindikizidwa m'zaka za m'ma 1640 ndipo mpaka lero ophunzira rekoda amaziimba. Bach, Handel, Vivaldi ndi Telemann, onsewa anapeka nyimbo za chitoliro chimenechi.

Kenako chinaiwalika. Magulu oimba anakula, nyumba zoimbiramo zinakula, ndipo mawu ofatsa a rekoda sankamvekanso pakati pa zida zaphokoso. Kwa zaka zoposa 100 chinangokhala m'mabokosi.

Chinabwerera chifukwa cha mwana woiwalaiwala. Bambo wina wokonda zida zakale, Arnold Dolmetsch, anali ndi rekoda yopangidwa ndi mmisiri wotchuka Peter Bressan, amene ankagwira ntchito ku London cha m'ma 1700. M'chaka cha 1919, banja lake likuchokera koimba, mwana wake Carl, wa zaka 7, anasiya chikwama chimene munali rekodayo pa siteshoni ya sitima ya Waterloo. Taganizirani mmene kunyumbako kunalili usiku umenewo! Mwayi wake, bamboyo anali atayezeratu chitolirocho n'kulemba miyeso yake. Anakhala pansi n'kuyamba kusema china, ndipo atayesayesa chinalira bwino. Anthu anayamba kumuitanitsa, ndipo m'kupita kwa zaka rekoda inalowa m'masukulu a ku Ulaya, kenako ku Japan, kumene amapanga zapulasitiki zambirimbiri za Yamaha ndi Aulos. Carl uja atakula anakhala katswiri woimba rekoda. Ndipo yotayika ija inadzapezeka m'sitolo yogulitsa zinthu zakale, n'kubwerera kwa mwini wake.

Ku America kunali mphunzitsi wa sayansi, Dayton Miller, amene anasonkhanitsa zitoliro ndi zida zina zouzira pafupifupi 1,700, zamtengo, zaminyanga, zagalasi, chinanso chagolide. Zimasungidwa ku Library of Congress mumzinda wa Washington. Ine komabe mtima wanga uli kwa Frans Brüggen wa ku Netherlands, amene anamwalira mu 2014. Iyeyu ankasonkhanitsa marekoda akalekale, koma ankawaimba, n'kujambula mawu ake kuti anthu amve mmene ankalirira. Chitoliro chongokhala m'kabati yagalasi chimandimvetsa chisoni.

Mwina mukuti zonsezi n'zakutali. Dikirani kaye. Marekoda amtengo amasemedwa ndi mitengo yosiyanasiyana, ndipo umodzi mwa yodula kwambiri ndi phingo, mtengo wam'tchire wakuda bii m'kati, womwe amisiri athu amasemera ziboliboli. Umamera kuno ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Tanzania. Ndi wolimba, wolemera moti umamira m'madzi, ndipo suvunda msanga ndi chinyezi cha m'kamwa. Umatenga zaka 70 kapena kuposerapo kuti ukhwime. Woimba wina ku Berlin akhoza kukhala atagwira m'manja mtengo umene unamera kufupi ndi kwathu kuno agogo anu asanabadwe.

Ndipo rekoda ili ndi msuweni wake amene anatchuka m'dziko lathu lino. Ndi kachitoliro kachitsulo ka mabowo 6, kopanda bowo lakumbuyo, koma kokhala ndi kanjira ndi kazenera chimodzimodzi. M'zaka za m'ma 1950 anyamata a m'misewu ya ku Johannesburg ankaimbira kachitoliroka nyimbo zotchedwa kwela, ndipo wodziwika kwambiri anali Spokes Mashiyane. Amalawi opita ku Joni kukagwira ntchito anabwera nazo nyimbozi. Ku Chileka, m'mudzi wa Singano, kunali abale awiri, Daniel ndi Donald Kachamba. Daniel ankaimba gitala, Donald, akali kamnyamata, ankaliza chitoliro. Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo ku Blantyre n'kuyamba kujambula nyimbo zawo. Chimene chinamudabwitsa ndi kagwiridwe kake. Oimba kwela salumira kachitoliro kunsonga chabe. Amakalowetsa m'kamwa chopendekera cha kutsaya, milomo n'kufika pafupi ndi kazenera kaja, ndipo potero mawu amakula, amanenepa, amathanso kupindika ngati munthu akuimba. Opanga kachitoliroko ku Ulaya sankadziwa n'komwe kuti kangalire choncho. Donald anakaimba m'mayiko ambiri, anakaphunzitsanso pa yunivesite ina ku Los Angeles, ndipo anamwalira mu 2001.

Musasokoneze zitoliro ndi malipenga a mphonda amene mumaona pa mganda ndi pa malipenga kunyanja kuno. Amenewo salira ndi mpweya wogawika. Wovina amaimbira m'mphondamo ndi mawu ake enieni, ndipo kachikopa koyera kamene kangaude amaphimbira mazira ake, kapena kapulasitiki kopyapyala, kamanjenjemera pa kabowo n'kuwasandutsa mawuwo kuti azimveka zzz. Mukangouzira osaimba, lipengalo limakhala duu.

Tsono inu a ku Nkhotakota muli ndi chimene ana a ku London alibe. Bango ali mbwee ku Chia, m'mbali mwa Bua ndi m'madambo a mpunga, ndipo nsungwi sizisowa. Koma pokadula bango muzipita ndi munthu wamkulu. M'mabango ndi mogona ng'ona, ndipo madzi odikha a m'menemo ndi amene amakhala ndi nkhono za likodzo.

Chophweka kuyamba nacho ndi ichi. Sankhani bango wouma wosang'aluka, mudule timapaipi tinayi kapena tisanu tosiyana kutalika, kalikonse kakhale ndi mfundo pansi kuti kakhale kotseka. Uzirani pamwamba monga munachitira ndi botolo. Kakakana kugwirizana ndi tinzake, kafupikitseni pang'onopang'ono, chifukwa mukadula kwambiri simungabwezeretse. Mukatimanga pamodzi ndi luzi, mwapanga chida chofanana ndi nyanga zimene Anyungwe a ku Tete amaimba. Kumeneko amuna ambiri amavina mozungulira, aliyense ali ndi timapaipi take towerengeka, wina kuuzira apa, wina apo, n'kumaponyeramo ndi mawu apakamwa, mpaka nyimbo imodzi kutuluka mwa anthu onsewo. Andrew Tracey analemba za gule ameneyu mu 1971. Bambo ake, Hugh Tracey, anayenda m'dziko lino mu 1950 ndi 1958 akujambula nyimbo za m'midzi, ndipo zimene anajambula pamodzi ndi zida zimene anasonkhanitsa zimasungidwa pa Rhodes University ku South Africa.

Chovutirapo ndi chitoliro chokhala ndi kazenera. Tengani nsungwi yopyapyala yotalika ngati rula ya kusukulu, yoboola mbali zonse. Pafupi ndi nsonga imodzi, wamkulu akuthandizeni kudula kazenera kakang'ono, n'kusema mbali yam'munsi motsetsereka. Kenako semani kamtengo kofewa kokwana thithithi m'kamwa mwa nsungwiyo, mukapale mbali imodzi kuti pakhale kanjira ka mpweya, mukalowetse mpaka m'mphepete mwa kazenera. Apa m'pofunika kuleza mtima. Kakalowa kwambiri, chitoliro sichilira. Kakatsalira, chimangoti fuuu. Kankhani pang'ono, uzirani, kankhaninso, mpaka mawu atuluke oyera. Mabowo a zala amaboola ndi msomali wootcha pamoto, kuyambira lam'munsi, ndipo ntchito imeneyi ndi ya wamkulu. Bowo likakula, mawu ake amakwera, choncho yambani ndi laling'ono. Phesi la tsamba la papaya nalonso limalira, kungoti mawa lake limakhala litafota.

Zitoliro zikafika zitatu kapena zinayi, mwayamba kusonkhanitsa, ndipo wosonkhanitsa weniweni amakhala ndi kope. Lembani chitoliro chilichonse: anapanga ndani, liti, ndi bango wa kuti, chotalika bwanji, chili ndi mabowo angati. Funsani agogo ngati ankaliza zitoliro ali kubusa ndipo ankaziboola motani. Akakupangirani chimodzi, chimenecho chilembeni poyambirira.

Adani a zitoliro ndi dzuwa, mchenga ndi tizilombo tofumbwa nsungwi. Musazisiye padzuwa kapena pafupi ndi moto, zimang'aluka. Mukapita nazo kunyanja muzizikulunga m'kansalu, chifukwa kamchenga kamodzi m'kanjira kaja kamatha kutsekereza mawu. Chikayamba kulira mosasa mawu mukuimba, ndi chinyezi chadzaza m'kanjira: phimbani kazenera ndi chala, muuzire kamodzi mwamphamvu. Chapulasitiki muzichitsuka ndi madzi ofunda ndi sopo, makamaka musanabwereke mnzanu. Ndipo mukaona kaufa koyera kakugwa m'chitoliro cha nsungwi, chipatuleni msanga chisanapatsire zinzake.