Mwana wasankhidwa ku yunivesite, nanga akagona kuti?

Chaka chilichonse bungwe la NCHE likatulutsa maina a ophunzira amene asankhidwa kupita ku mayunivesite a boma, m'misika ya kuno ku Dedza mumamveka nthungululu. Pa Bembeke, pa Chimbiya, pa Linthipe ngakhale mumsika wa pa boma, mumapeza mayi wasiya mulu wa mbatatesi n'kumavina, anzake akumukoleka chitenje paphewa. Tsiku limenelo nkhuku imafa ndithu. Koma pakatha masabata awiri mukamuone mayi yemwe uja: wagwira tsaya, foni ili m'manja, akufunsa kasitomala aliyense ngati ali ndi m'bale ku Zomba. Dzina la mwana pamndandanda lilipo, koma pogona pake sipakudziwika.

Kuno kwathu tili ndi koleji ya zankhalango ku Chongoni komanso ya aphunzitsi ya St Joseph's ku Bembeke, koma yunivesite ya boma tilibe. Ndiye mwana wa ku Dedza akakhoza bwino ayenera kunyamula chikwama basi. Wina ku Zomba, wina ku Blantyre, wina ku Mzuzu, wina ku Bunda, wina mpaka ku Ndata m'boma la Thyolo. Mahositelo a sukuluzi sakwanira onse, ndipo amene malo awasowa amakasaka okha zipinda za lendi: a ku Zomba ambiri amathera kwa Chikanda, a ku MUBAS amamwazikana ku Chitawira, Nkolokosa ndi Zingwangwa, a ku Mzuni amalowera ku Luwinga.

Akuluakulu amene anaphunzira nthawi ya Kamuzu nkhaniyi saimvetsa, ndipo sindiwadzudzula. Yunivesite ya Malawi itayamba mu 1965 inali ndi ophunzira ochepa zedi, ndipo pamene Chancellor College inkasamukira ku Zomba mu 1973, kusankhidwa kunkatanthauza bedi, chakudya cha ku kafiteriya ndi kandalama ka m'thumba. Zinthu zinatembenuka matipate atabwera. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ana n'kudzaza m'makalasi mpaka ena pansi pa mitengo. Kenaka kunabwera masekondale oyendera a CDSS m'midzi monse. Khamu limenelo linakwera makalasi mpaka kukagogoda pachitseko cha yunivesite. Sukulu zinachulukirapo, inde: Mzuni inayamba kuphunzitsa mu 1999, MUST inatsegulidwa mu 2014, ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu. Koma kuonjezera mipando m'kalasi n'kosavuta kusiyana ndi kumanga nyumba zogona. Walira mvula walira matope.

Ine ku yunivesite sindinapiteko, ndinalekera pa Fomu 4. Za kwa Chikanda ndinazidziwa chifukwa cha mlongo wanga wamng'ono amene anasankhidwa kupita ku Zomba, kusukulu imene anthu mpaka lero amangoti Chanco. Mayi sakanatha kusiya benchi yawo masiku atatu, ndiye anandituma ineyo. Tinakwera minibasi m'mamawa kuli chisanu chija mukuchidziwa, kudzera pa Ntcheu, Balaka ndi Liwonde, ndipo pofika ku Zomba majuzi tinali titavula kale.

Tisanatsike n'komwe chikwama kumutu, anyamata awiri anali atatizungulira. Awa ndi madobadoba a nyumba. Ntchito yawo n'kukuonetsa khomo, ndipo kungokuonetsa kokhako amafuna yawo, chipinda uchikonde kaya usachikonde. Ena mwa iwo ngachilungamo, amadziwadi nyumba iliyonse ya m'deralo ndi khalidwe la mwini wake. Koma mudziwe kuti dobadoba phindu lake lili pakuti mulipire msanga. Za denga lodontha sangakuuzeni.

Nyumba yoyamba kunja kwake inali yopakidwa laimu woti mbee, chitseko chabuluu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kachipinda koti kuno kwathu tikanasungiramo mbewu ya mbatatesi, anaikamo mabedi awiri osanjikiza, anthu anayi. Apa mpamene ndinaphunzira chinthu chimene makolo ambiri sachidziwa: mtengo umene amakuuzani pafoni kawirikawiri si wa chipinda ayi, ngwa mutu umodzi. Mwana wanu akubwereka bedi, ndipo amene adzagone pamwamba pake adzasankha ndi landilodi. Nditafunsa za chimbudzi anandilozera kumbuyo, chimodzi chokha cha mpanda wonse. Mpopi unali ndi loko.

"Achimwene, mukachedwa ena atenga, anthu ali pamzere," anatero mwini nyumba, maso ali pathumba langa la malaya.

Mawu amenewo inu amalonda mumawadziwa bwino, pajatu nanunso mumawanena tomato akayamba kufewa. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti mayi amene sangagule thumba la mbatatesi kwa mlimi wa ku Bembeke asanapise dzanja mpaka pansi, podziwa kuti zikuluzikulu amaziika pamwamba, mayi yemweyo amatumiza ndalama ya lendi ya miyezi itatu pafoni kwa munthu amene sanamuonepo nkhope. Chimachititsa ndi mantha, kuopa kuti mwana akasowa pogona, komanso kaulemu kamene timapereka ku chilichonse chokhudza yunivesite ngati kuti kumeneko kulibe akamberembere. Mnansi wathu wina wogulitsa nyemba zinamuonekera. Anamutumizira zithunzi pa WhatsApp, chipinda cha matailosi, windo la magalasi, bedi loyala bwino. Anatumiza ndalama imene anaitolera nyengo yonse yokolola. Mwana atafika ndi katundu wake anapeza nyumbayo ilipodi, koma eni ake sakudziwa kanthu, ndipo nambala ija inali itazima. Mnyamatayo anagona pansi m'chipinda cha mnzake mwezi wathunthu.

Tinayenda nyumba zisanu ndi imodzi tsiku limenelo. Ndinkayang'ana khoma m'munsi, poti madzi a mvula akalowa m'nyumba amasiya mzere ngakhale mupake laimu kangati. Zomba ndi dera la mvula yambiri, madzi amatsika m'phiri mwaukali, ndipo nyumba zomangidwa m'malo otsika zimaona zakuda m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Ndinkafunsanso za magetsi: mita ndi ya ndani, mayunitsi amagula ndani, akatha pakati pa usiku mayeso ali mawa amadzuka ndani? M'mipanda yambiri mita imakhala imodzi, aliyense amasonkha, ndipo mkangano umabuka wina akagula kahotipuleti. Eni nyumba ena amaletseratu kuphikira magetsi, zimene zikutanthauza mbaula ndi makala, ndalama inanso imeneyo. Ndipo musaiwale neti. Mwana wokulira kuno kumtunda kozizira udzudzu wa kumunsi sauzolowera, malungo amamugwetsa semesita yoyamba yomwe.

Kwa mwana wamkazi pali zina zoti muziganizire mofatsa. Laibulale amatuluka usiku, ndiye njira yochoka pasukulu kukafika kunyumbako muiyende nokha ndi mapazi anu, muone ngati muli mdima, ngati pali anzake oyenda nawo. Chitseko chikhale ndi loko wake, kiyi asakhale ndi anthu ena. Chinanso, ndinene mosapsatira: lendi ikachedwa, landilodi n'kuyamba kugogoda m'mawa uliwonse, zidyamakanda za magalimoto zimadziwa nthawi yake yofikira. Mtsikana sangakuuzeni pafoni kuti wathinidwa, amangoti zonse zili bwino amayi, poti akudziwa mmene malonda akuyendera kumudzi.

Ena mudzati nanga ngongole ya boma ija? Ilipodi. Bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a sukulu zaukachenjede linakhazikitsidwa mu 2015, ndipo limathandiza pa fizi ndi ndalama ya upkeep. Koma si onse opempha amene amapatsidwa, ndipo amene apatsidwa ndalamayo siifika tsiku lotsegulira sukulu. Landilodi safuna kumva za mafomu. Amafuna yake mwana asanalowetse matiresi, kawirikawiri ya miyezi ingapo pamodzi. Ndiye ndalama yoyambira imachokabe pabenchi panu pomwepo.

Sindikufuna kuti eni nyumba onse aoneke ngati afisi, pajatu ambiri mwa iwo ndi anzanu a mumsika. Ndi mayi wa mandasi kapena bambo wa kaunjika amene anaumba njerwa pang'onopang'ono n'kumanga tizipinda kuseri kwa nyumba yake kuti adzadyepo atakalamba. Popanda iwowa ana athu bwenzi akugona m'makalasi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, malata ndi misomali zinakwera, nawonso anakweza. Zimenezo n'zomveka. Chosamveka n'kukweza lendi pakati pa semesita podziwa kuti mwana sangasamuke mayeso ali pafupi, kapena kukana kulemba lisiti. Munthu wolandira ndalama ya miyezi itatu n'kumakana kusaina kapepala, ameneyo ali ndi maganizo ena.

Ife tinapeza malo madzulo, osati kudzera mwa dobadoba koma mwa mtsikana wina wa chaka chachitatu wochokera ku Mayani, amene mlongo wanga anamudziwira kutchalitchi. Ophunzira akale ndiwo amadziwa landilodi wabwino ndi wovuta, ndipo magulu a mapemphero ndi a ana ochokera boma limodzi amathandiza kuposa zithunzi za pafoni. Chipinda chake cha anthu awiri, simenti pansi, mwini wake gogo wina wachifatse amene amakhala pompo. Ndinang'amba pepala m'kope la mlongo wanga, tinalemba mtengo, tsiku lolipira, za madzi ndi magetsi, gogoyo n'kusaina, mdzukulu wake n'kukhala mboni.

Funso limene linatsala pang'ono kutilekanitsa ndi la holide. Sukulu ikatsekera, mwana ali kuno akuthandiza kukumba mbatatesi, lendi imayendabe? Eni nyumba ambiri amati inde, apo ayi chotsani katundu tilowetse wina. Ndipo sukulu zathuzi zimatha kutsekedwa mwadzidzidzi, kaya ndi sitalaka kaya ndi zionetsero, inu n'kumalipirira chipinda chogona makoswe. Gogoyo tinakambirana naye ngati pamsika, iye uku ine uku, mpaka tinagwirizana theka pa miyezi imene mwana kulibe. Nazonso tinazilemba papepala lija.

Masiku ano mwezi ukamatha mayi amatumiza ndalama ya lendi pafoni, lisiti n'kulijambula mlongo wanga kutitumizira. Ndiwo sagula zambiri kumeneko. Timamangira kathumba ka mbatatesi, nyemba ndi ufa, n'kukweza minibasi ya m'mawa, ndipo kondakitala kathumbako amakalipiritsa ngati munthu wokhala pampando.