Nyanja ya Kariba, Nyanja Yopangidwa ndi Anthu

Ana inu, madzulo mukayatsa nyale ya magetsi ku Kabwata, ku Chelstone kapena ku Woodlands, kodi mudziwa kumene mphamvu yake ichokera? Ina ichokera ku Nyanja ya Kariba, kumwera kwa Lusaka, pa malire a Zambia ndi Zimbabwe.

Kale kumeneko kunalibe nyanja. Kunali mtsinje wa Zambezi wokha, ndi midzi ya Atonga m'chigwa cha Gwembe. M'chaka cha 1955 boma la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland linayamba ntchito yotseka mtsinjewo pa mpata wopapatiza wa Kariba, kuti madzi azitembenuza makina opanga magetsi. Khoma lake, lotalika mamita 128, linatha mu 1959, ndipo nyanja inadzaza mu 1963.

Ntchito imeneyi inali ndi zowawa zake. Antchito 86 anafera pomwepo. Atonga pafupifupi 57,000 a kutsidya lino ndi kutsidya lija anasamutsidwa, nasiya minda yachonde ndi manda a makolo awo. Nyama zambiri zinazingidwa ndi madzi pa tizilumba, ndipo zokwana ngati 6,000 zinapulumutsidwa pa ntchito yotchedwa Operation Noah.

Masiku ano nyanjayi ndi malo opumulirako. Mabanja a mu Lusaka amayenda makilomita pafupifupi 200 kunka ku Siavonga. Kumeneko amakwera mabwato okhala ndi zipinda zogona, ndipo ena amawedza tiger fish, nsomba yaukali ya mano akuthwa. Usiku amaonerera nyali za asodzi a kapenta, nsomba imene inatengedwa ku Nyanja ya Tanganyika cha m'ma 1960.

Koma chenjerani. M'nyanjamo muli ng'ona ndi mvuu, ndipo m'madzi a m'mphepete mupezeka matenda a likodzo. Musasambemo, ndipo musakwere bwato popanda munthu wamkulu ndi chovala choyandamitsa.

Dziwaninso kuti nyanjayi idalira mvula. Pa chilala cha 2024 madzi anatsika kwambiri, ndipo nyumba za mu Lusaka zinkakhala mumdima maola ambiri tsiku lililonse.

Aphunzitsi, thandizani ana kupeza Zambezi, Kariba ndi Siavonga pa mapu. Pambuyo pake akambirane funso ili: ndani anapindula ndi nyanjayi, ndipo ndani anataya zawo?