Misonkhano ya WordCamp: Kumene olemba mapulogalamu amakumana ndi anthu amene amawagwiritsa nchito

Pa mawebusaiti khumi aliwonse amene munthu amatsegula pa intaneti, pafupifupi anai amayenda ndi pulogalamu imodzi yochedwa WordPress. Manyuzipepala, masukulu, machalichi ndi amalonda ang'onoang'ono m'maiko ambiri amaikira nkhani ndi zithunzi zao pa pulogalamuyi, ndipo salipira ngakhale ngwee imodzi kuti aitenge. Koma kupeza cipangizo mwaulere sikutanthauza kuti munthu angathe kucigwiritsa nchito, ndipo nkhani imeneyi ndiyo yakhala ikubweretsa mikangano yaikulu pa misonkhano ya WordCamp, kumene olemba pulogalamuyi amakumana maso ndi maso ndi anthu amene amaigwiritsa nchito.

WordPress inayamba m'caka ca 2003, pamene a Matt Mullenweg a ku America ndi a Mike Little a ku Britain anatenga pulogalamu yakale yochedwa b2, imene mwini wake anali ataleka kuisamalira, ndi kuyamba kuikonza. Iwo sanabe kanthu. Pulogalamuyo inali pansi pa cilolezo ca GPL, cimene cimapatsa aliyense ufulu woona mmene pulogalamu inalembedwera, kuisintha ndi kuigawira ena, malinga ngati nayenso apereka ufulu womwewo kwa amene alandira. Izi ndizo zimene akatswiri amachula kuti open source.

Msonkhano woyamba wa WordCamp unacitikira mumzinda wa San Francisco mu August 2006, ndipo anaukonza ndi a Mullenweg. Kucokera pamenepo misonkhano yotere yafalikira m'mizinda yambiri. Amaikonza ndi anthu odzipereka a mumzinda womwewo, okamba nkhani salandira malipiro, ndipo mtengo wa tikiti umakhala wotsika mwadala. Pa misonkhano yambiri pamakhala thebulo lochedwa Happiness Bar, pamene munthu amene webusaiti yake yamusokoneza amakhala pansi ndi katswiri mpaka bvutolo litapezeka. Katswiriyo naye amaphunzirapo, cifukwa amaona ndi maso ake pamene munthu wamba amasocerera.

Cimabvuta n'cakuti mapulogalamu aulere amalembedwa ndi anthu amene amadziwa kale pamene batani lililonse lili. Kwa iwo zonse zimaoneka zapafupi. Mphunzitsi kapena mlembi wa pa chalichi amene wangopatsidwa nchito yoika cilengezo pa webusaiti saona conco ai, ndipo akalephera salembera aliyense kalata ya madandaulo. Amangoganiza kuti iye ndiye mbuli, n'kusiya.

Zimene zinacitika mu 2008 zimaonetsa bwino mmene misonkhanoyi imathandizira. Mu March caka cimeneco kunatuluka WordPress 2.5, imene maonekedwe ake anakonzedwa mothandizidwa ndi kampani yodziwika ya Happy Cog. Inali yokongola ndithu, koma anthu ambiri anadandaula kuti zinthu zimene anazolowera sizinali kupezeka msanga. M'malo mokangana pa zokonda za munthu, akuluakulu a pulogalamuyi anaitanitsa kafukufuku, amene anacitika mothandizana ndi nthambi ina ya yunivesite ya Ball State. Anthu anali kupatsidwa nchito wamba, monga kulemba nkhani kapena kuyankha ndemanga ya wowerenga, pamene makina anali kutsatira kumene maso ao ayang'ana pa kompyuta. Anthuwo anayesanso maonekedwe ena oyeserera amene anapatsidwa dzina lakuti Crazyhorse, ndipo ambiri anagwira nchito mosabvutika pa oyesererawo kuposa pa pulogalamu yeniyeni imene inali itatuluka kale.

Zotsatira zake zinaonetsedwa poyera pa WordCamp ya ku San Francisco mu August 2008, anthu ogwiritsa nchito pulogalamuyi ali pomwepo. Pofika mu December kunatuluka WordPress 2.7. Mndandanda wa zosankha unacotsedwa pamwamba ndi kuikidwa kumanzere, kumene wakhala kwa zaka zambiri, ndipo munthu anayamba kutha kukweza pulogalamu yake kufika pa yatsopano mwa kungodina batani, nchito imene kale inali kufuna wodziwa za makompyuta.

M'caka comweco anthu a pulogalamu ina yaulere yochedwa Drupal, imene inayambitsidwa ndi a Dries Buytaert a ku Belgium, anakumana ndi zofananazo. Mu February 2008 gulu la akatswiri ao linapita ku yunivesite ya Minnesota kukaonerera anthu acilendo akuyesa pulogalamuyo, ndipo zimene anaona anazifotokoza pa msonkhano wa DrupalCon ku Boston mwezi wotsatira. Cimodzi mwa zinthu zimene zinali kusokoneza anthu cinali mau cabe. Pofuna kulemba, munthu anali kufunsidwa kusankha pakati pa "page" ndi "story", koma sanali kudziwa kusiyana kwake. Mu Drupal 7, imene inatuluka mu January 2011, maina awiriwo anasinthidwa. Kanthu kocepa cotere kanakhala zaka osaoneka, cifukwa olemba pulogalamu anali atakazolowera.

Komabe si nthawi zonse pamene mau a pa misonkhano amamveka. Mu June 2017, pa WordCamp Europe ku Paris, a Mullenweg anaonetsa njira yatsopano yolembera nkhani yochedwa Gutenberg, imene imagawa nkhani m'zidutswa: ndime payokha, cithunzi pacokha, mutu pawokha. Ambiri anaikonda, koma anthu osaona amene amadalira pulogalamu yowawerengera mokweza zolembedwa pa kompyuta, pamodzi ndi amene amagwiritsa nchito kiyibodi yokha popanda mausi, anapeza kuti nchito yao yalimba kwambiri. Kwa mtolankhani wosaona, imeneyi si nkhani ya kukongola kwa tsamba koma ya kusunga nchito imene imamudyetsa.

Mu October 2018 Mai Rian Rietveld a ku Netherlands, amene anali kutsogolera gulu loona kuti anthu olemala asatsalire, anatula pansi udindo wao, ndipo gululo linalengeza kuti silingalimbikitse anthu odalira zipangizo zowathandiza kuti agwiritse nchito njira yatsopanoyo mmene inalili. Ngakhale zinali conco, Gutenberg inatulutsidwa mu WordPress 5.0 pa 6 December 2018, kutangotsala tsiku limodzi kuti WordCamp US iyambe ku Nashville. Ena anaona kuti tsiku la msonkhano ndilo linathamangitsa nchitoyo, ndipo n'kobvuta kuwatsutsa. Kabungwe ka WPCampus, ka anthu ogwiritsa nchito WordPress m'masukulu apamwamba, kanasonkhetsa ndalama zolipira akatswiri oima paokha kuti aunike pulogalamuyo, ndipo lipoti lao la mu 2019 linapeza zolakwika zambiri. Zina mwa izo zinakonzedwa pambuyo pake. Mawebusaiti mamiliyoni anasankha kuika kapulogalamu kochedwa Classic Editor, kamene kamabwezeretsa njira yakale yolembera.

Mu Africa misonkhano ya WordCamp yacitikapo m'mizinda monga Cape Town, Nairobi, Kampala ndi Lagos, ndipo ku Harare woyamba unacitika mu 2016. Mafunso amene munthu wa kumaiko kuno angabweretse pa msonkhano wotere ndi osiyana ndi a ku San Francisco. Owerenga ambiri amatsegula intaneti pa lamya ya m'manja ndipo amawerengera bandulo yao, conco tsamba lodzaza ndi zithunzi zolemera limadya ndalama za wowerenga asanaone ngakhale mutu wa nkhani. Palinso nkhani ya magetsi amene amazima munthu ali pakati pa kulemba, ndi ya cinenero, popeza mabatani a pulogalamu amamasuliridwa ndi anthu odzipereka, liu ndi liu.

Mwai wokamba zoterezi umapezeka makamaka pa tsiku lochedwa Contributor Day, limene limakhalapo pa misonkhano yambiri ya WordCamp. Pa tsikuli anthu amagawidwa m'magulu: ena amakonza zolakwika m'pulogalamu, ena amamasulira, ena amalemba malangizo, ndipo ena amangoyesa zinthu zatsopano ndi kunena pamene zawasokoneza. Wolowa gulu lomalizali safunikira kudziwa kulemba pulogalamu. Amangobwera ndi laputopu yake, amatsegula akaunti pa WordPress.org, ndipo amapatsidwa nchito yoti ayese.